Mmene mantha amayambira ndi kufalikira m'masewero a pa wailesi yakanema

Mukamadzaonera sewero loopsa pa wailesi yakanema, mudzaonetsetse kumene kamera ikuchedwa. Chilombo, bomba kapena mtembo zimangooneka pang'ono, mwinanso osaoneka n'komwe. Chimene chimadzaza galasi lonse ndi nkhope za anthu: maso otong'oka, mayi amene mawu amuthera pakamwa, bambo amene wayang'ana mnzake kenako n'kuyang'ana pansi. Ojambula amachita dala, chifukwa anazindikira kalekale kuti mantha ambiri munthu amawatenga pankhope ya mnzake.

Ofufuza nawonso anapeza zomwezo. M'zaka za m'ma 1980, Susan Mineka ndi anzake ku America ankafufuza anyani obadwira m'malo ochitira kafukufuku. Anyaniwa sankaopa njoka, poti anali asanakumanepo nayo. Ataona anyani ogwidwa kutchire akunjenjemera pamaso pa njoka, nawonso anayamba kuiopa, ndipo manthawo anakhalitsa. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale kungoonera vidiyo ya nyani wamantha kunali kokwanira. Koma vidiyoyo itakonzedwa kuti nyaniyo azioneka ngati akuopa maluwa, anzakewo sanatengeke. Mu 1985 James Sorce ndi anzake anaika ana a chaka chimodzi pa tebulo lagalasi lomwe linkaoneka ngati lili ndi kaphompho pakati, mayi ataima tsidya lina. Mayi akamwetulira, ana ambiri ankakwawa n'kuwoloka. Mayi akaonetsa nkhope ya mantha, panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anawoloka. Zinthu zikakhala zosadziwika bwino, timayang'ana wina kuti atiuze ngati tithawe kapena tikhale. Sewero lililonse lonena za mantha a anthu ambiri limamangidwa pa chizolowezi chimenechi.

Msewu umodzi, madzulo amodzi

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kwambiri masitepe onse ndi gawo lina la sewero la ku America la The Twilight Zone, lotchedwa The Monsters Are Due on Maple Street, lomwe analemba Rod Serling ndipo linaulutsidwa pa CBS mu Malichi 1960. Ndi lalifupi, silikwana ndi theka la ola, koma mpaka lero aphunzitsi amaligwiritsa ntchito m'masukulu.

Ndi Loweruka chakumadzulo, anthu a mumsewu wotchedwa Maple Street ali pa zochita zawo. Kumwamba kwadutsa chinthu chowala ndi chiphokoso. Posakhalitsa magetsi azima, mafoni asiya kugwira, mawailesi ali zii, galimoto sizikulira. Mpaka apa palibe amene akuopa kwenikweni, angothedwa nzeru. Bambo wina, Pete Van Horn, akuti akaone ngati msewu woyandikana nawo ulinso ndi vuto lomweli, ndipo wanyamuka. Kenako kamnyamata kena, Tommy, kakunena zimene kanawerenga m'timabuku ta nthano: kuti zolengedwa zochokera kunja kwa dziko lapansi zisanaukire, zimayamba zatumiza banja looneka ngati anthu wamba kuti lidzakhale pakati pa anthu. Akuluakulu akuseka. Koma palibe wina amene ali ndi yankho loposa limeneli, ndiye mawu a mwanayo akhazikika.

Apa ndi pamene mantha amabadwira, pa mpata umene uthenga wodalirika wasowa. Akatswiri awiri a za maganizo, Gordon Allport ndi Leo Postman, analemba mu 1947 kuti mphekesera imayenda pakakhala zinthu ziwiri nthawi imodzi: nkhaniyo ikhale yokhudza moyo wa anthu, komanso ikhale yosamveka bwino. Chimodzi chikasowa, mphekesera imafa yokha. Anaonanso kuti nkhani ikamachoka pakamwa kupita pakamwa imafupika, mfundo zochepa zotsalazo zimakokomezedwa, ndipo imapindika kuti igwirizane ndi zimene omverawo ankakhulupirira kale. N'chifukwa chake olemba masewero amakonda kuzimitsa magetsi, kudula mafoni, kutseka mlatho kapena kugwetsa chipale chotsekereza mudzi. Akatseka khomo lolowera uthenga, chiwembu cha sewero chimadziyendetsa chokha.

Pa Maple Street, galimoto ya Les Goodman yangolira yokha, mwini wake ataima patali. Anthu onse atembenukira kwa iye. Mayi wina akukumbukira kuti amamuona usiku ataima panja akuyang'ana kumwamba. Iye akuti amasowa tulo basi, koma yankho loona limeneli likumveka ngati bodza. Steve Brand, amene akuyesa kuwakhazika mtima pansi, akukumbutsidwa kuti m'chipinda chake chapansi ali ndi wailesi yolankhulirana imene aneba sanaionepo. Tizinthu tonseti anthu ankatidziwa kwa zaka, ndipo tinalibe tanthauzo. Mantha atabwera, tasanduka umboni.

Mdima utagwa, munthu akuoneka akubwera chapatali. Charlie, amene wakhala patsogolo poloza ena chala, watenga mfuti n'kuwombera. Wagwa ndi Pete Van Horn, akuchokera kumene anapita kukafufuza kuja, kutanthauza kuti munthu yekhayo amene anali ndi uthenga weniweni ndi amene waphedwa. Nthawi yomweyo magetsi a m'nyumba ya Charlie ayaka, khamu lamutembenukira, ndipo iye podzipulumutsa waloza Tommy. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kumapeto timaona kuti zolengedwa zachilendozo zilipodi, zaima paphiri, koma ntchito yawo yonse inali kuyatsa ndi kuzimitsa makina. Zina zonse anthu anachita okha.

Mfundo imene ambiri saiona m'seweroli ndi yakuti oloza chala si onse amene akukhulupirira zimene akunena. Ena akuloza mnzawo kuti diso la gulu lichoke pa iwo. Mantha a chilombo asanduka mantha a aneba, ndipo mantha achiwiriwa ndi amene ali ndi maziko enieni, chifukwa aneba ali ndi miyala m'manja.

Serling sankalemba za m'mutu chabe. Mu Febuluwale 1950 senita Joseph McCarthy ananena kuti ali ndi mndandanda wa achikomyunizimu ogwira ntchito m'boma la America. Chaka chomwecho kunatuluka kabuku kotchedwa Red Channels komwe kanatchula anthu 151 a pa wailesi ndi wailesi yakanema, ndipo ambiri a iwo anasowa ntchito popanda mlandu uliwonse kukhoti. Njira yodziyeretsera inali kutchula mayina a ena. Serling mwiniwake anali atalawapo lumo la makampani olipira mapulogalamu: sewero lake lochokera pa kuphedwa kwa Emmett Till, mnyamata wakuda wa zaka 14 amene anaphedwa ku Mississippi mu 1955, analisintha mpaka nkhaniyo inasamutsidwa kuchoka kum'mwera kwa America ndipo za khungu zinachotsedwamo. Anaphunzirapo kuti zimene sangaloledwe kunena za andale, angathe kuzinena kudzera mwa alendo ochokera kumwamba.

Amene chala chimamugwera

Mantha sakhalitsa opanda nkhope. Matenda, kusowa kwa ntchito kapena mpweya wapoizoni n'zovuta kulimbana nazo, pamene munthu ungathe kumuthamangitsa. Ndiye funso limene sewero labwino limafunsa ndi lakuti gulu lisankha ndani.

Broadchurch, sewero la ITV la mu 2013, limayamba ndi mtembo wa mnyamata wa zaka 11 wopezeka m'mbali mwa nyanja m'tauni yaing'ono ya ku England. Apolisi akuchedwa, atolankhani a m'nyuzipepala zikuluzikulu afika, ndipo apeza kuti Jack Marshall, bambo wachikulire wogulitsa nyuzipepala amene amayang'aniranso gulu la anyamata, anamangidwapo kalekale pa mlandu wokhudza mtsikana wosakwana zaka. Zatuluka pa tsamba loyamba. Abambo a m'tauniyo amusonkhanira, ndipo iye wadzipha. Sanali wolakwa pa imfa ya mwanayo. Wakupha weniweni anali mwamuna wa mmodzi wa apolisi ofufuza mlanduwo, bambo wapabanja, wodziwika ndi aliyense, amene palibe anamuganizirapo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Wina angati olemba anakokomeza. Koma kumapeto kwa 2010 ku Bristol, mphunzitsi wina wopuma pantchito anamangidwa mayi wochita lendi m'nyumba yake ataphedwa, ndipo nyuzipepala zinamusandutsa chilombo chifukwa cha tsitsi lake, kalankhulidwe kake ndiponso kuti ankakhala yekha. Wakupha anali mneba wina. Nyuzipepala zisanu ndi zitatu zinamulipira chipukuta misozi, ndipo ITV inapanganso sewero la nkhaniyi mu 2014.

Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Stanley Cohen anafotokoza kayendedwe kameneka mu 1972, atafufuza mmene nyuzipepala za ku Britain zinakokomezera ndewu za magulu a achinyamata m'matauni a m'mbali mwa nyanja monga Clacton mu 1964. Chochitika chaching'ono chimalembedwa ngati chiyambi cha tsoka, gulu lina limapatsidwa dzina, akuluakulu a chipembedzo, andale ndi akatswiri amathirapo ndemanga, apolisi amawonjezera kumanga, ndipo kumangako kumasanduka umboni wakuti vutolo linalidi lalikulu. Osankhidwa nthawi zambiri amakhala mlendo, wokhala yekha, wachinyamata, wodwala maganizo, kapena amene mbiri yake ili ndi banga lakale.

Mantha akadutsa pagalasi

Wailesi yakanema ili ndi mphamvu zina zimene filimu ya m'holo ilibe. Imakhala m'nyumba momwemo. Anthu a m'sewero mumakhala nawo milungu kapena zaka, moti zikawagwera mumamva ngati zagwera munthu womudziwa. Gawo likatha pakatikati pa zoopsa, owonera amakhala sabata yonse akukambirana, aliyense ndi womuganizira wake, mofanana ndithu ndi anthu a m'sewerowo. Koma mphamvu yaikulu ndi yakuti chipangizo chomwecho ndi chimene chimabweretsa nkhani zoona.

BBC inaphunzira zimenezi mowawa usiku wa 31 Okutobala 1992, pamene inaulutsa Ghostwatch. Linali sewero lojambulidwa kale, lolembedwa ndi Stephen Volk, koma linkaoneka ngati pulogalamu yochitika nthawi yomweyo yofufuza za mzukwa m'nyumba ina ya ku London. Mu situdiyo munali Michael Parkinson, wofunsa mafunso wodalirika kwa zaka zambiri, ndipo m'nyumbamo munali Sarah Greene, amene ana ankamudziwa m'mapulogalamu awo. Onse ankagwiritsa ntchito mayina awo enieni. Panaperekedwa nambala ya foni, ndipo oimba foni anayenera kumva uthenga wakuti zonsezi ndi sewero, koma oimba anachuluka mpaka mizere inadzaza, ambiri osamva uthengawo. Madandaulo anabwera ochuluka, BBC sinaliulutsenso, ndipo mu 1994 magazini ya madokotala ya British Medical Journal inalemba za anyamata awiri a zaka 10 amene anasokonezeka maganizo ataonera. Mzukwa wa m'seweroli unkaoneka mwa apo ndi apo, kwa kamphindi chabe. Chimene chinaopsa anthu ndi kuona nkhope zimene ankazidalira zikuchita mantha, ngati mayi uja wa tsidya la tebulo lagalasi.

Pa 20 Novembala 1983, anthu pafupifupi 100 miliyoni ku America anaonera The Day After pa ABC, sewero loonetsa mzinda wa Lawrence ku Kansas mabomba a nyukiliya ataphulika. Siteshoniyo inakonza manambala a foni othandiza osokonezeka, ndipo sewero litatha panali zokambirana momwe munali nduna zakale za boma Henry Kissinger ndi Robert McNamara, komanso wasayansi Carl Sagan. Pulezidenti Ronald Reagan, amene analionera lisanaulutsidwe, analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti linamusiya wokhumudwa kwambiri. Komabe seweroli silinapange mantha kuchokera pa chabe. Mu Seputembala chaka chomwecho Soviet Union inali itagwetsa ndege ya anthu ya ku South Korea, ndipo mizinga yatsopano ya America inali ikulowa ku Western Europe. Anthu anali akuopa kale, seweroli linangowapatsa zithunzi ndi usiku umodzi woti aopere pamodzi. Ku Britain, sewero lofanana nalo la Peter Watkins, The War Game, linapangidwa mu 1965 koma BBC inakana kuliulutsa ponena kuti ndi loopsa kwambiri, ndipo linadzaonetsedwa pa wailesi yakanema mu 1985, litawina kale mphoto ya Oscar.

Pamene pakambidwa nkhani zotere sipalephera kutchulidwa sewero la pa wailesi la Orson Welles la mu 1938, lomwe amati linathamangitsa dziko lonse la America poganiza kuti zolengedwa za ku Mars zafika. Ena anaopadi, koma kampani imene inaimbira foni mabanja usiku womwewo inapeza kuti anthu awiri okha pa 100 alionse ndi amene ankamvera pulogalamuyo. Chipwirikiti chachikulucho chinakulira m'nyuzipepala za m'mawa mwake. Nkhani yotchuka kwambiri yonena za kufalikira kwa mantha nayonso ndi mphekesera yokokomezedwa.

Mantha ena salowa usiku umodzi. George Gerbner wa ku yunivesite ya Pennsylvania anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuwerenga zachiwawa zoonetsedwa m'masewero a madzulo, chaka ndi chaka. Anapeza kuti anthu oonera maola anayi kapena kuposa patsiku ankaganiza kuti mwayi wawo wochitiridwa chiwawa ndi waukulu kuposa mmene unalili, ndipo ankakhulupirira kwambiri kuti anthu ambiri ndi osadalirika. Kwa Gerbner, vuto lalikulu la chiwawa cha pa kanema linali kupanga anthu amantha, amene savuta kuvomera malamulo okhwima. Ena anamutsutsa ndi zifukwa zomveka. Anthony Doob ndi Glenn Macdonald anapeza mu 1979 ku Toronto kuti mukaganizira dera limene munthu akukhala, kugwirizanako kumachepa kwambiri: okhala m'madera a umbanda amaopa pa zifukwa zenizeni, ndipo amakhala m'nyumba n'kumaonera kanema nthawi yaitali. Kafukufuku wa zaka zotsatira amasonyeza kuti mphamvuyo ilipo koma ndi yaing'ono. Ine ndimaona kuti chaching'ono chobwerezedwa madzulo alionse kwa anthu mamiliyoni si chonyozeka.

Taonani sewero lotchedwa 24, limene linayamba pa Fox ku America mu Novembala 2001, patangopita milungu yochepa chichitikireni zauchigawenga za pa 11 Seputembala. Wotchi imawerenga masekondi pagalasi, bomba lili penapake, wogwidwa akudziwa kumene lili, ndipo Jack Bauer, ngwazi ya seweroli, amamuzunza mpaka aulule. Zimenezi zinabwerezedwa kwambiri moti mu 2006 Brigadier General Patrick Finnegan wa ku sukulu ya asilikali ya West Point anapita kukakumana ndi opanga seweroli kukawapempha kuti achepetse, chifukwa ophunzira ake anali atayamba kuona kuzunza ngati njira yogwira ntchito. Sewero likaphunzitsa anthu choti aziopa, limawaphunzitsanso mankhwala ake.

Pamene masewero amanama

Pali chithunzi chimodzi chimene ojambula amachikonda koma ofufuza za ngozi sagwirizana nacho: khamu likuthamanga mosokonekera, kupondana, kuthyola masitolo, aliyense payekha. Enrico Quarantelli, mmodzi mwa amene anayambitsa Disaster Research Center ku Ohio mu 1963, anafufuza ngozi mazanamazana, zivomezi, kusefukira kwa madzi, moto, ndipo anapeza kuti chipwirikiti chotere chimachitika mwa kamodzikamodzi, makamaka pamene anthu atsekeredwa ndipo khomo lothawira likutsekeka. Kawirikawiri oyamba kupulumutsa anthu amakhala aneba ndi odutsa m'njira.

Vuto lofala kwambiri ndi losiyana ndi limeneli: anthu amachedwa kuopa. Mu 1968 Bibb Latané ndi John Darley anaika ophunzira m'chipinda kuti ayankhe mafunso papepala, kenako n'kuyamba kulowetsamo utsi. Munthu akakhala yekha, atatu mwa anayi alionse ankapita kukanena. Akakhala ndi anthu awiri amene anauzidwa kuti asatekeseke, mmodzi yekha mwa khumi ndi amene ankanena, ena ankangopukuta m'maso n'kupitiriza kulemba. Nkhope ya mnzako imapatsira mantha, ndipo imapatsiranso bata labodza. Koma bata silikoma kujambula, ndiye kamera imasankha kuthamanga.

Bodza limeneli lili ndi mtengo wake, chifukwa akuluakulu a boma nawonso amaonera masewero. Akakhulupirira kuti anthu akamva zoona apenga, amabisa uthenga, ndipo pobisapo amatsegula mpata womwe uja umene mphekesera imakuliramo. Mphepo yamkuntho ya Katrina itagunda New Orleans mu 2005, nkhani za kuphana ndi kugwiririra kwa anthu ambiri m'bwalo lamasewera la Superdome, momwe anthu anathawira, zinabwerezedwa ndi akuluakulu a mzindawo pa wailesi yakanema. Zambiri zinadzapezeka kuti sizinachitike, koma zinali zitachedwetsa kale ntchito yopulumutsa anthu.

Sewero limene linajambula bwino mantha a akuluakuluwa ndi Chernobyl la HBO la mu 2019, lolembedwa ndi Craig Mazin m'magawo asanu. Makina a nyukiliya a ku Chernobyl, ku Ukraine m'nthawi ya Soviet Union, ataphulika pa 26 Epulo 1986, kachipangizo koyezera poizoni wa nyukiliya kakuonetsa 3.6, osati chifukwa poizoni wake ndi wochepa chomwecho koma chifukwa ndi pamene kamathera. Mabwana akulandira nambalayo mosangalala n'kuitumiza kumwamba, poti aliyense akuopa womuposa kuposa mmene akuopera motowo. Amene abwera kudzanena zimene aona ndi maso awo akuuzidwa kuti asokonezeka mutu. Apa mantha akuyenda chokwera, kuchoka kwa wantchito kupita kwa bwana, ndipo chipatso chake ndi chete. Zoona zake n'zakuti anthu pafupifupi 49,000 a mumzinda wa Pripyat, wapafupi ndi makinawo, anasamutsidwa patapita maola pafupifupi 36. Boma la Soviet Union linavomera pagulu madzulo a pa 28 Epulo, ogwira ntchito pa siteshoni ya nyukiliya ya Forsmark ku Sweden atapeza kale poizoniyo, ndipo mtsogoleri wa Soviet Union, Mikhail Gorbachev, analankhula pa wailesi yakanema pa 14 Meyi. Anthu amene ankaopedwa kuti achita chipwirikiti aja atauzidwa kuti anyamuke, anakwera mabasi opitirira 1,000 mwadongosolo, ndipo mzinda wonse unasamuka m'maola ochepa.

Ngakhale sewero limeneli, lomwe mutu wake wonse ndi kuipa kwa mabodza, silinapulumuke. Limaonetsa anthu a ku Pripyat ataima pa mlatho wa njanji usiku, akuonerera moto, phulusa likugwera ana awo, ndipo kumapeto limalemba kuti zikumveka kuti palibe mmodzi wa iwo anapulumuka. Nkhani ya mlathowu yakhala ikuyenda kwa zaka zambiri pakati pa alendo okaona malowo, koma palibe umboni wotsimikizira kuti anthuwo anafa onse, ndipo ena amene anaima pa mlathowo pa nthawi ya ngoziyo anadzalankhula ndi atolankhani patapita zaka zambiri.